Kunenerera Nsapato Kumtunda

Amake Kampira anadziwiratu kuti tsikulo silitha bwino pamene apongozi awo anamanga mpango wopitira kumsika n'kunena kuti awaperekeza. Mwanayo ankayamba sukulu ya mkaka mawa lake, ndipo phazi lake, lotambalala ngati la bambo ake, linali litakana nsapato zonse za kumunsi kwa tauni, kuja amangoziunjika pansi ndipo inzake umachita kufukula wekha. Zomukwana zinakapezeka kumtunda, m'sitolo ya makoma agalasi yozizira ngati chipatala, ndipo za saizi yake zinatsala zomwezo.

Wogulitsa anali bambo wa tayi, woyankhula mofatsa ngati akuwerenga. Anagwada, anamuveka Kampira nsapatozo, n'kudina kutsogolo ndi chala. Zinakwana. Amake Kampira mtima unakhala pansi, koma pang'ono chabe, chifukwa chapafupi pankazungulira mayi wina ali ndi kamwana ka msinkhu womwewo, maso ali pa mapazi a Kampira.

Apongozi anatembenuza kapepala ka mtengo n'kuseka kaseko kawo ka kumsika.

"Chabwino, uwu ndi wolemba. Nanga wogulitsira ndi uti?"

"Ndi womwewo, mayi."

"Ayi, ndikunena womaliza."

"Woyamba ndi womwewo, womaliza ndi womwewo. Tili nawo umodzi."

"Ndiye ndinene wanga."

"Nenani, mayi."

Ananena. Bamboyo anamvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo, kenako anafunsa kuti mtengo umenewo ndi wa chiyani.

"Wa nsapatozi."

"Ayi, wa nsapatozi ndi uwu." Analozanso kapepala kaja.

Amake Kampira ananong'oneza kuti kuno sanenerera, komanso kuti ndalama anabwera nayo yokwana. Apongozi anawayang'ana ngati mwana woti waulula za m'nyumba kwa alendo. Iwo analera ana awo onse, kuphatikizapo bambo a Kampira omwewo, osagulapo chinthu pa mtengo woyamba, ndiye sakanayamba lero chifukwa choti pansi m'poterera. Anawerama, anatsina nsapato kuchidendene, n'kukwinya nkhope.

"Chikopa chake n'chouma ichi. Chimuluma mwana."

"Ngati zikumuluma musagule, mayi. Ndimuvule?"

Mayi uja anasendera.

"Sizikumuluma," anatero amake Kampira mofulumira, n'kumukokera mwana pakati pa miyendo yawo. Chigongono cha apongozi chinawapeza m'nthiti.

"Kumunsi ndazisiya zomwezi, bambo. Pa theka."

"Pa theka? Mukanagula, mayi." Anaganiza kaye. "Zili cha pati? Akazi anga akufunira mwana wathu."

Apongozi anayesa kunena kuti ndi kasitomala wakale. Bamboyo anapepesa, nati sitolo yatsegulidwa chaka chomwechi. Anati mwanayu ndi mdzukulu wawo woyamba. Bamboyo anawafunira mafuno abwino. Anati ayitanidwe abwana; anayankhidwa kuti abwana alipo, koma nawonso akafuna nsapato amawerenga kapepala komweko.

"Ndiye ikanipo basela. Masokosi."

"Masokosi alipo, kuseri kwa galasiko. Mtengo wake uli pomwepo."

Apa apongozi anakonza mpango wawo, ndipo amake Kampira anadziwiratu chimene chimatsatira. Kumunsi ukafika pamenepa umanyamuka. Umayenda pang'onopang'ono, nkhope ili kutsogolo, ndipo usanafike kwa wogulitsa mapoto umamva kumbuyo akukuwa kuti bwerani, mayi, tengani.

"Tiyeni, amake Kampira. Musacheuke. Mukacheuka mtengo umakwera."

"Muyende bwino, mayi," anatero bamboyo, n'kuwatsegulira chitseko. Nthawi yomweyo mayi uja anamugwira dzanja la malaya n'kuyamba kumufunsa za masaizi.

Anali atafika kale pakhonde pamene amake Kampira anamva kulira kwachilendo pa simenti. Anayang'ana pansi. Mapatapata a mwana anali m'chikwama mwawo, ndipo Kampira ankaguba atagwira dzanja la agogo ake, akunyadira mapazi.

"Amayi, komatu mwanayu..."

"Khalani chete. Akutiyang'ana."

"Amayi, nsapato."

"Tizipeza nsapatozo. Inu yendani ngati simukuzifuna."

Anayenda. Anadutsa sitolo ya mawotchi, anadutsa pogulitsira mankhwala. M'maganizo mwawo amake Kampira ankaona kale mlonda akuliza wezulo, ankaona aphunzitsi a mwana wawo akuimika galimoto kuti aonetsetse, ankamva amuna awo akufunsa pafoni kuti polisi yake iti. Pakona, pomwe otsuka magalimoto amataya madzi, panali kachithaphwi. Kampira sanadutsepo chithaphwi chibadwire osachipatsa moni. Analumphiramo ndi mapazi onse awiri.

"Mayi! Taimani, mayi!"

Apongozi anaima, koma sanatembenuke msanga. Anayamba amwetulira kaye.

"Mwamva? Kumtunda, kumunsi, wogulitsa ndi wogulitsa. Muziphunzira ndikadali moyo."

Bamboyo anafika ali wefuwefu, tayi ili paphewa.

"Mwaganiza bwino tsopano?" anafunsa apongozi.

"Mwanayo wavala nsapato zathu."

Apongozi anayang'ana pansi. Amake Kampira ndi amene anayamba kupepesa, mawu akugundana, akufotokoza kuti si anthu otero, kuti anayesa kunena, kuti amuvula pompano. Bamboyo anagwada m'mbali mwa msewu momwemo, ananyamula phazi limodzi, kenako linalo, madzi a sopo akudontha. Anapukusa mutu mwachisoni. Anati izi sangazibwezerenso pa shelefu, ndipo ngakhale mayi uja wadikirira m'sitolomo sangazilandire. Zaponda msewu, zalowa matope, ndiye palibe kuchitira mwina, ayenera kuzigula basi.

Amake Kampira anatsala pang'ono kumuthokoza. Zipi ya chikwama anali ataitsegula kale pamene dzanja la apongozi linatera pamwamba pa lawo n'kuitsekanso.

"Tadikirani kaye. Bambo, mwati nsapatozi zatani?"

"Zavalidwa, mayi."

"Mwanena nokha?"

"Ndanena ndekha. Zavalidwa, aliyense akhoza kuona."

Apongozi anaika chikwama chawo pansi ngati munthu woti wafika pakhomo, n'kupinda manja.

"Ndiye mukufuna mutigulitse kaunjika pa mtengo wa zatsopano? Tiyambirenso, mwana wanga. Womaliza ndi uti?"