Waranti ya Gemu ya Taimoor

— Halo?

— Halo! Assalamu alaikum, asewere! A Nuzhat, ndinu?

— Wa alaikum salaam. Ndine. Ndani kodi?

— Aa, mwayamba kuiwala mawu a abale? Ndine Shagufta, mayi ake a Taimoor, mkamwini wanu.

— Oo, asewere. Nambala yanu siibwerabwera pafoni pangapa, n'chifukwa chake. Muli bwanji?

— Tili bwino, Mulungu akutisunga. Kaya inu?

— Tilipo.

— A Irshad ali bwanji? Shuga uja watsika?

— Amatsika, amakwera. Ali ku shopu, akusoka.

— Akusokabe? Ndi msinkhu umene uja? Koma anthu ena ndi olimba. Nanga kamtsikana kanu kakang'ono kaja, Areeba, mayeso anayenda bwanji?

— Wakhoza. Nanga bambo a kunyumbako akumveka ku Sharjah?

— Amaimba tsiku ndi tsiku. Atitumiziranso makina oziziritsa m'nyumba. Kutentha kwa Multan kuno munthu ungafe. Inu mukugona bwanji kwanuko, ndi nyumba zothinana zija?

— Padenga, ngati makolo athu. Sitinafe.

— Mwati bwanji? Mukuduka-duka. Netiweki ya kudera kwanuko ndi yomvetsa chisoni. Imani pakhomo.

— Ndili pomwe ndili, ine ndikukumvani bwinobwino. Nenani.

— Chabwino, ndisathe mayunitsi. Ndi nkhani ya makina a magemu aja munamupatsa Taimoor pa ukwati.

— Amene munatiuza kuti tigule.

— Mphatso ndi mphatso, asewere. Ndiye afa. Lero m'mawa. Sakuyaka n'komwe.

— Pepani maliro.

— Musaseke. Mwana wanga sanadye chilichonse. Ndamuphikira biriyani, sanaiyang'ane n'komwe.

— Mwana wa ndevu zake.

— Ndiye tinawanyamula kupita nawo kwa Qadeer, kumsika wa zamagetsi kuja munawagula. Munthu wamwano ngati amene uja sindinamuonepo. Akuti sakonza ulere, akuti sasintha. Ine ndikuti, nanga waranti? Iye akuti waranti siigwira pamenepa. Ndiye ndikufunseni bwinobwino, asewere, popanda manyazi, pakuti umphawi si tchimo. Waranti yowonjezera ija munalipiradi?

— Mukuti chiyani?

— Mwina munangogula ya masiku ochepa n'kutiuza kuti ndi ya zaka zitatu. Ine sindingadabwe. Ukwati uja unakulemerani, tonse tinaona. Nyama inatha alendo athu a ku Lahore asanadye.

— Inatha chifukwa alendo anu a ku Lahore anabwera ndi mapoto. Waranti tinalipira. Inu nomwe munakhala pampando wathu, chikwama pamiyendo, n'kunena kuti firiji ikhale ya zitseko ziwiri, njinga yamoto ikhale yofiira, gemu ikhale ndi waranti yowonjezera, apo ayi mwana wanu ali ndi atsikana ambiri omufuna. A Irshad anagulitsa makina awo amodzi osokera chifukwa cha chidole chimenecho.

— Si chidole. Taimoor amapikisana ndi anthu a kunja. A ku Korea amamudziwa dzina.

— A ku Multan olemba ntchito samudziwa.

— Ine sindinaimbe kuti titukwanane. Ngati munalipira, n'chifukwa chiyani Qadeer akukana?

— Wakuuzani kuti chiyani?

— Zambirimbiri. Akuti warantiyo ndi ya zinthu zowonongeka zokha. Magetsi akabwera mwamphamvu n'kuwotcha, amakonza. Makina akangozima okha, amasintha. Koma akasweka, akuti zimenezo ndi zathu.

— Ndiye aswekadi?

— Pakona pokha. Pang'ono. Anagwa.

— Anagwa kuchokera pati?

— Pa tebulo. Magetsi anathima, mukudziwa mmene akuvutira masiku ano, munthu wina anakola chingwe mumdima.

— Mumdima wa m'mawa.

— Makatani athu ndi okhuthala, si ngati anu. Mvetserani, asewere, nkhani ndi yachidule. Chikalata chili m'dzina la a Irshad. Qadeer akuti amayankhula ndi amene anagula basi. Ndiye a Irshad apite, akamuuze kuti kona imeneyo inali yophwanyika kale kuchokera m'katoni, kungoti ndi piringupiringu wa ukwati sanaone. Amadziwana, amapemphera mzikiti umodzi. Akamva.

— Mwamuna wanga akaname.

— Kunama kwake kuti? Ndi kuthandiza mkamwini. Akakana, ndiye kuti mungogula ena. Munthu sapereka mphatso yofa msanga choncho, n'zochititsa manyazi. Halo? Halo, mulipo?

— Ndilipo. Ndikudikira.

— Mukudikira chiyani?

— Kuti mutchule dzina la mwana wanga. Mwafunsa za shuga, mwafunsa za mayeso, mwandiuza za makatani. Rimsha ali bwanji?

— Rimsha? Ali bwino. Akanakhala bwanji? Amadya katatu pa tsiku kuno.

— Mpatseni foni.

— Wagona. Mutu ukumupweteka. Mukumudziwa mwana wanu, kanthu kakang'ono kudzitsekera m'chipinda. Munamulera monyengerera.

— Kamudzutseni.

— Ali m'chipinda cham'mwamba, ine mawondo anga...

— Kwerani. Mayunitsi ndi anu, ine sindikuthamangira kulikonse.

— Koma inu! Chabwino, kuti mtima ukhale pansi. Dikirani. Uhh. Masitepe awa. Rimsha! Iwe Rimsha, mayi ako pafoni! Tsegula! Mwaona khalidwe lake? Sakuyankha. Rimsha! Aa. Chitseko n'chosakhoma. Mwina ali kubafa.

— Musavutike. Ali pano, pa bedi langa.

— Kwanuko?

— Amusoka pamwamba pa diso. Adokotala akuti kukanatsika pang'ono diso likanapita.

— Watuluka liti? Ndani wamupatsa chilolezo chotuluka m'nyumba muno?

— Watuluka inu mutapita kwa Qadeer. Makina munawakulunga m'bulangete, munawaitanira rikisho ya matayala atatu, inu mbali iyi, Taimoor mbali iyo, kuwafukata ngati khanda. Mwana wanga anayenda wapansi mpaka ku chipatala, atatsindika mpango wake pankhope, magazi akudontha mumsewu. Ndi mayi wogulitsa masamba amene anamubwereka foni kuti andiimbire.

— Asewere, musamve mbali imodzi. Inali ngozi.

— Tebulo ndi limene linamuponyera makinawo kumaso?

— Iye ndi amene anayamba! Anazula pulagi mwamuna wake ali pakati pa mpikisano. Mkazi wanzeru amachita zimenezo?

— Amafuna kulumikiza simbi kuti asite malaya oti mwana wanuyo avale pokafunsira ntchito. Ntchito imene mchimwene wanga anachita kumupemphera. Nthawi inali itakwana, iye ali chikhalire pansi ndi kabudula.

— Taimoor sanafune kumugenda. Anaponya kukhoma. Iye ndi amene anaima molakwika.

— Anaima molakwika. Bwerezaninso, ndimve bwino.

— Mwamuna aliyense amapsa mtima. Banja ndi kupirira, inu simukudziwa? Ine bambo ake anandithyolapo dzino, kodi ndinathawira kwa mayi anga? Lero si ine ndikukhala m'nyumba yosanja?

— Khalanimo.

— Taganizani bwino, a Nuzhat. Mtsikana wobwerera kwawo chaka chisanathe, anthu amati chiyani? Areeba wanuyo adzamufunsira ndani? Dera lanulo pakamwa sipatsekeka. Ine ndikukuchitirani chifundo. M'bwezeni madzulo ano, mdima ukagwa, anthu asaone bandeji. Ife tikhululuka. Za gemu tidzakambirana mitima ikazizira, mwina tingagawane mtengo.

— Mukhululuka.

— Inde. Ndife anthu oopa Mulungu.

— Mvetserani tsono, chifukwa sindidzabwereza. Anthu ayankhula, ndikudziwa. Areeba mwina adzavutika, ndalira kale za zimenezo. Koma ndi bwino andiseke pamsika kusiyana n'kuti adzandipepese pamaliro. Rimsha sabwera madzulo ano, sabwera mawa. Kwa Qadeer a Irshad apitadi akatseka shopu, ndawaimbira kale. Koma sakukanena za katoni. Akukamuuza kuti makinawo asawapukute, asawapereke kwa wina aliyense, chifukwa pakona yophwanyikayo pali magazi a mwana wathu, ndipo apolisi angafune kuwaona.

— Apolisi? Pa nkhani ya m'nyumba? Inu, atelala, kutitengera ife ku polisi?

— Ife, atelala.

— Ndipatseni Rimsha. Ndiyankhule naye ndekha, ndine mayi ake nanenso.

— Dikirani. Rimsha, apongozi ako akuti akufuna kuyankhula nawe. Mwamva? Watembenukira kukhoma.

— Mwamuphunzitsa ndinu! Mudzanong'oneza bondo, ndikukuuzani. Mwana wanga akwatira wina mwezi usanathe, wa ku banja lenileni, osati... Dikirani. Geti. Wabwera.

— Ndani?

— Taimoor. Anabwereranso kwa Qadeer kukayesa kachiwiri. Asewere, tamverani, ndatsitsa mawu, mukundimva? Ingonenani kuti a Irshad akonza za waranti. Ngakhale monama. Ndingomuuza choncho kuti akhale pansi.

— Sindinena.

— Chonde. Simukumudziwa akafika pamenepa. Ndili ndekha muno.

— Tulukani, pitani kwa aneba.

— Ali kale pamasitepe. Taimoor, mwana wanga, wabwera? Ayi, ndikuyankhula nawo, akuti akonza, mawa lomweli... Rimsha? Wangopita kukaona mayi ake, abwera... Ayi, sindinamulole ine, ndinali ndi iwe! Taimoor, ika pansi simbiyo. Ika pansi, bambo anga, ndine mayi ak—

— Halo? Asewere? Halo! Shagufta! Areeba, thamanga ukaitane bambo ako ku shopu, uwauze abwere ndi amalume ako. Halo? Shagufta, yankhani!