Simbi ya makala ndi nkhope ya achimwene

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndakuonani nonse. Mwe uli? Chitonga changa chithere pomwepo, chifukwa ndikapitiriza ana aja kumbuyoko ayamba kuseka. Ndilankhula Chichewa.

Dzina langa ndine Esinati. Bambo anga anachokera ku Thyolo kudzacheka mitengo ya mphira ku esiteti, ndipo ife tinakulira konkuno. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga a Fanuelo. Makolo atatisiya tinatsala awiriwiri. Achimwene anakwatira ku Tukombo. Alamu anga ndi aNyaLongwe, ali apo avala duku lobiriwira. Andilola okha kuti ndinene zimene ndinene lerozi.

Achimwene anapita ku Joni alamu ali oyembekezera. Inu mukudziwa, kuno mwamuna akati ndikupita chaka chimodzi, chaka chakecho chimabereka ana. Mwana anabadwa, wamkazi, tinamutcha Lusungu. Anakwawa, anayenda, anayamba kulankhula, bambo ake osamunyamulapo.

Alamu anali ndi kafoni kamabatani, kosaonetsa zithunzi. Foni yaikulu inali yanga. Ndiye tsiku lina achimwene anatumiza katundu kudzera kwa atransipota, ndipo m'katimo munali kamakina, kukula kwake ngati sopo wochapira. Anandiimbira nati, “Esinati, kameneko ndi kapulinta. Ukalumikize ku foni yako, sikafuna waya. Ndikatumiza chithunzi uzisindikiza, uzikapatsa mlamu wako, mwana azindiona.”

Abale, kamakina kameneko kanandipatsa matama. Sikafuna inki. Umangoikamo mpukutu wa pepala lija la malisiti a m'sitolo, kutchaja pa sola, kusankha chithunzi pa foni, kudina. Kamalira pang'ono, kenako nkhope ya munthu n'kumatuluka pang'onopang'ono, yakuda ndi yoyera. Anthu anamva. Azimayi amene amuna awo ali ku Joni, agogo amene ana awo ali ku Joni, onse ankabwera kwa ine. Lachisanu ndinkakhala pa khonde la sitolo ina pa Chintheche, anthu ali pamzere. Ndinkayenda ngati ndine ndinakapanga. Kapepala ka malangizo kanalimo m'bokosi, ka zilembo zing'onozing'ono. Ndinayatsira moto.

Foni yanga inkadzaza msanga ndi zithunzi za eni ake. Ikati yadzaza, ine ndinkafufuta. Ndinkati, si ndasindikiza kale? Pepala lilipo. Ndinafufuta za anthu, ndinafufutanso za achimwene anga.

Achimwene sankakonda kujambulitsa, ankati nkhope yawo si ya pa kalendala. Zimene anatumiza zinali zochepa. Alamu anazimata pakhoma pafupi ndi zenera, dzuwa n'kumaziwomba, ndipo zinayera mpaka kutsala pepala lokha. Ine ndinaona, koma sindinaphunzirepo kanthu. Chinatsala chimodzi, chimene chinkakhala m'Baibulo. Achimwene ataima pa geti la kuntchito kwawo, akuseka. Lusungu ankachitulutsa tsiku ndi tsiku. Ankachipsompsona, ankachionetsa nkhuku, ankagona nacho. Ankati, “Ada ŵangu,” ndiye kuti bambo anga. Chinakwinyika ngati tsamba la fodya.

Kenako uthenga unabwera. Achimwene adwala, achimwene agonekedwa, achimwene atisiya. Zinachitika mwamsanga. Mtembo sitinathe kuubweretsa, anawaika komweko, m'manda amene palibe wa ife anawaonapo.

Akuluakulu a ku Tukombo anati ngakhale palibe bokosi, maliro tilira, mwambo wa mapemphero uchitika. Anati patsogolo tiike tebulo, pa tebulo tiike chithunzi, anthu aone amene akumulira. Chithunzi chija ndiye chinali bokosi lathu, abale. Chinali mtembo wathu.

M'mawa wa tsikulo ndinali kuseri kwa nyumba, ndikusita bulauzi yoyera ndi simbi ya makala. Alamu anatuluka ndi chithunzi m'manja, maso atatupa. Anati, “Alamu, taonani mmene chakwinyikiramu. Anthu achiona bwanji?”

Ine, mwini kamakina, katswiri wa pa Chintheche, ndinati, “Bweretsani kuno ndichiwongole.”

Sanandipemphe. Ndinanena ndine. Mawu amenewo ndimawamvabe: bweretsani kuno ndichiwongole. Kuyambira tili kusukulu, pepala likakwinyika tinkalisita, satifiketi tinkasita. Ndinachiika pa bulangete, ndinauzira makala, ndinadutsitsa simbi kamodzi. Kamodzi kokha.

Nditanyamula simbi, pepala lonse linali bii. Lakuda ngati kunsi kwa mphika. Kunalibe geti, kunalibe maso, kunalibe kuseka.

Abale ndi alongo, kamakina kaja kamalemba ndi moto. Ndicho chifukwa chake sikafuna inki. Pepala lakelo likamva kutentha limada. Ine ndinali nditakagwiritsa ntchito nthawi yonseyo, pepala likutuluka lofunda m'manja mwanga, osadzifunsa kuti likufundiranji.

Alamu sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangotola pepala lija, kulitembenuza, kulitembenuzanso, ngati mwina achimwene athawira kuseri. Lusungu anali ataima pomwepo. Anandigwira chitenje nati, “Anti, tulutsani ena m'kamakina.”

Ndinatsegula foni. Ndinadziwa kuti mulibe, koma ndinafufuza. Munalibe.

Mapemphero anachitika. Pa tebulo panali nsalu yoyera ndi maluwa, basi. Anthu ankabwera, kuyang'ana pa tebulo, kuyang'ana ine. Mwina sankandiyang'ana n'komwe, koma ine ndinkaona maso okhaokha.

Tinayesa, musaganize kuti sitinayese. Ndinapita nayo foni kwa anyamata okonza mafoni pa Chintheche, anaigwiragwira nati, “Mayi, izi zinapita.” Tinaimbira amene ankakhala ndi achimwene ku Joni, anati foni yawo sakudziwa kumene inalowera. Chitupa chawo chinapita nawo. Ukwati wawo unali wongolowana, panalibe wojambula. Munthu wakhala pa dziko lino zaka zonsezo, ndipo nkhope yake yomaliza ndinaipsereza ine, mlongo wake.

Ndinathawa. Ndinene mosabisa, ndinathawa. Ndinapita ku Mpamba kwa mnzanga wina, ndinati ndikukathandiza kukumba chinangwa. Chinangwa chinatha, ine osabwerera. Kamakina ndinakakulunga m'chitenje, ndinakaponya pansi pa bedi. Alamu akaimba, ndinkangoiyang'ana foni mpaka isiye kulira. Kutchalitchi ndinasiya. Ndikati ndipemphere, ndikatseka maso, ndinkaona pepala lakuda. Ndinkati, Mulungu, ndinu amene munalenga nkhope ija, ine ndaifufuta, ndiyambire pati kulankhula nanu?

Chakudya sichinkalowa. Ndinaonda mpaka siketi ndinkaimanga ndi chingwe. Wina akamasita pafupi, fungo la makala ndi nsalu yotentha likandipeza, ndinkatuluka kukasanza. Ndipo choopsa kwambiri, abale, ine ndemwe ndinayamba kuiwala. Ndikati ndikumbukire achimwene, ndinkaona malaya awo, ndinkamva mawu awo, koma nkhope inkakana. Ndinati ichi ndiye chilango changa, ndipo chandiyenera.

Ndinkadziuza kuti ndikuwachitira chifundo alamu. Ndinkati akandiona bala liyambiranso, bola ndikhale kutali. Linali bodza. Ndinkadzimvera chisoni ndekha, ndipo manyazi anga ndinawaveka malaya a chifundo.

Mvula inabwera, inapita. Tsiku lina masana ndili kudambo, ndikuvuula chinangwa chimene tinaviika, manja akununkha, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Alamu.”

Ndinatembenuka. ANyaLongwe, fumbi la minibasi lili m'mapazi, Lusungu ali pambali pawo, atatalika. Ndinafuna kulowa m'madzi momwemo. Ndinagwada m'matope, ndinayamba, “Alamu, pepani, ine…”

Anati, “Imani. Sindinabwerere pepani. Pepani munanena kale tsiku lija, ndinamva.”

Ndinaima, nkhope nditazolika.

Anati, “Dzutsani mutu.” Ndinakana. Anabwerezanso, mwaukali ndithu, “Dzutsani mutu, mwana akuoneni.”

Kenako anamukankhira Lusungu kutsogolo nati, “Wakhala ukundivutitsa kuti ada ŵako ankaoneka bwanji. Yang'ana. Mphumi iyo. Makutu otuluka ngati timbale awo. Ndi ada ŵako amenewo, kungoti awa avala duku.”

Anatembenukira kwa ine. Mawu amene ananena sindidzawaiwala. Anati, “Alamu, sindikunamizani, chithunzi chija chimandiwawabe. Pepala lakudalo ndikadali nalo m'Baibulo. Koma chija munawotcha mwangozi. Nkhope iyi mukuibisa dala. Mwanayu mwamulanda bambo ake kawiri, ndipo kachiwirika ndiye kakundipweteka kwambiri.”

Abale, ine ndinkalira tchimo la simbi. Usana ndi usiku ndinkalira tchimo la simbi. Tchimo lenileni ndinali nditalikhalira, ndikulichita tsiku ndi tsiku, osaliona.

Lusungu anayandikira. Ndinagwadanso kuti tifanane msinkhu. Anandigwira mphumi ndi timanja take, anandikoka khutu. Kenako anati, “Ada ankaseka. Sekani.”

Ndisekenso bwanji ine? Misozi ili mbwembwembwe, mamina ali pamphuno, manja a chinangwa chovunda. Koma mwana walamula. Ndinatsegula pakamwa, ndinaonetsa mano. Iye anaika chala pa mpata wa mano angawa nati, “Ama, ndi omwewo.” Alamu anayamba kuseka, kenako kulira, tonse atatu tinangokhala pansi m'matope muja. Azimayi amene tinali nawo kudambo anaganiza kuti kwagwanso maliro ena.

Mulungu sanandibwezere chithunzi. Ndikufuna mumve bwino pamenepa, chifukwa ena mukudikira kuti ndinene kuti chinapezeka. Sichinapezeke. Mpaka lero palibe chithunzi cha achimwene anga pa dziko lino, ndipo chifukwa chake ndine. Zimenezo ndidzapita nazo kumanda. Koma Mulungu ananditumizira munthu amene ndinamulakwira, anakwera minibasi osaitanidwa, kudzanditulutsa kumene ndinabisala. Ine sindinamufunefune. Anandifunafuna ndi iye.

Ndinabwerera ku Tukombo sabata yomweyo. Panopa ndimakhala nyumba yoyandikana ndi alamu. Timalima limodzi, timayanika usipa limodzi, timakangananso ndithu, chifukwa iwo mchere amathira ngati akukwirira nsomba. Kamakina ndinakatulutsa pansi pa bedi, alamu ndi amene anandikakamiza. Anati azimayi ena akudikira nkhope za amuna awo, inu mukusunga kamakina ngati dzira. Lachisanu mundipeza pa khonde lomwe lija. Koma tsopano aliyense amene ndamusindikizira ndimamugwira dzanja kaye. Ndimati, pepala ili lisaone dzuwa, lisayandikire moto, ndipo simbi ayi. Ndimatinso ili ndi longoyembekezera, mukapeza mpata kachapitseni chenicheni ku situdiyo. Ndipo sindifufuta chithunzi cha munthu ndisanachitumize kwa m'bale wake wina. Ena amati mayi uyu amalankhula zambiri. Alekeni anene.

Mtima umanditsutsabe, sindinama. Kusita ndimasita, koma ndikanyamula simbi ndimayamba ndaima kaye. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mtima ukanditsutsa sindithawa, ndimapita kukagogoda kwa alamu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye ku Mpamba. Ndikuthokoza inu aNyaLongwe, pamaso pa mpingo wonsewu. Yewu, alamu. Ndipo ngati pali wina pano amene akubisala kwa munthu amene anamulakwira, akumati ndikumuchitira chifundo, m'bale wanga, pita ukaonekere. Mwina chimene akuchisowa chili ndi iwe.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu amayi oyang'anira ana. Lamulungu lapitali wina anamudzudzula Lusungu kuti akhale moyang'ana kutsogolo. Ndikudziwa munkafuna mwambo. Koma mukamuona wakhala pamiyendo panga, wafulatira abusa, akungondiyang'ana kumaso ulaliki wonse, musamutembenuze. Akuona bambo ake.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.