Chotupa cha Amuna Anga ndi Diso la Nsomba

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu! Umboni uwu ndiuchitira basi.

Mukundidziwa, ndine wogulitsa nsomba. Amuna anga, atate ake a Tereza, ndi awo akhala kumbuyoko. Chaka chatha anauma ngati nkhuni. Kudya, kusanza. Kudya, kusanza. Uku ndege zankhondo zili pamwamba pa Zambezi, bwato silikulowa m'madzi, ana njala. Ndinalira, abale, ndinalira.

Tinakwera lole kupita ku Lusaka, aliyense maso pamsewu kuopa mabomba okwirira. Kumeneko adokotala anawang'amba pamimba, anapeza chotupa chodzaza madzi pakapamba. Anadulako kanyama, kuti anzawo oyang'ana pagalasi akaone ngati ndi khansa.

Milungu itatu tikudikira! Yankho lake? Woyamba akuti si khansa. Wachiwiri akuti ndi khansa ikuyamba. Anayang'ananso, osagwirizana. Adokotala anati, "Mayi, sitinama. Sichinaole, koma sichili bwino. Tikachichotsa, akhoza kufera m'manja mwathu. Tikachisiya, chikhoza kusanduka. Sankhani."

Ine ndisankhe? Ine wosadziwa ndi kulemba komwe? Amuna anga akuti, "Amake Tereza, tiyeni kwathu, ndikafere ku Feira." Ndinatuluka, ndinagwada pafumbi anthu akuona. Ndinati, "Ambuye, ophunzira alephera. Ndiuzeni za nsomba, zina sindimva!"

Amayi anzanga apamsika, ndiyankheni. Nsomba isananunkhe, koma diso layamba kuyera, mumadikira mawa? Iyayi! Mumaing'amba lero lomwe, matumbo kunja. Ndi zimene zinabwera mumtima mwanga.

Ndinabwerera, ndinawachonderera amuna anga mpaka anavomera. Tinadinda zala papepala. Ndinkadziwa kuti akafa, abale awo adzati ndawapha ndine. 

Adokotala anachichotsa chotupa chonse. Atachiyang'ana chonsecho, mkati mwenimweni, pamene kanyama koyamba sikanafike, anapeza khansa itayamba kumera, yaing'ono ngati dzira la nsomba. Tikanabwera kwathu, bwenzi mutaimba kale kumanda.

Zikomo Yesu, zikomo! Atate ake a Tereza, imirirani akuoneni, manyazi a chiyani? Munthu uyu dzulo wadya nsomba yathunthu, ndi mutu womwe, osandisiyirako. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane!