Pa fomu alemba kuti sanakwatire

Aulutsi, ndine mayi wa mwana mmodzi kuno ku Kabwata. Sukulu sindinapite nayo patali. Amuna anga ndi aphunzitsi, ndipo akupempha malo okachita kafukufuku ku Ulaya zaka ziwiri. Fomu ikufuna kalata ya ukwati kuti banja litsagane nawo, koma ife anatimanga ndi ankhoswe ku Katete, pepala tilibe. Ndiye alembapo kuti sanakwatire.

Ndinati tipemphe umboni kwa atcheyamani a chipani. Iwo anati, "Zichedwa izo, amake mwana. N'zapapepala chabe."

Ndinangovomera, koma mtima sukukhazikika. Akakafika kumeneko ali osakwatira, ine ndi mwanayu tidzakhala ndani?

Fomu akapereka Lolemba. Amalume, inu nkhoswe yanga, ndikudziwa simuphonya pulogalamuyi. Chonde kwerani basi mawa, mudzandilankhulire.