Nsalu ya a Nachisale m'Nyumba ya Nkhalamba

Zaka zija makadi a chipani ankafunsidwa polowa mumsika wa pa Boma, amayi anuwa akadali kumsana kwangaku, kumtunda kupitirira Ligowe kunali nyumba yoyera imene amishoni ankasungiramo nkhalamba zosowa ozisamala. Musakaifunefune, inagwa kale, ndipo pamalopo anthu akulimapo mbatata. Koma ndikatsinzina ndimaionabe ili m'chifunga cha mwezi wa Juni, ngati mtambo umene anzake ausiya paphiri. Sendani nandoloyo, ine ndikufuna makutu okha.

M'nyumba imeneyo munalowa mayi anga aakulu, a Nachisale. Mwana wawo anali mmodzi, Esinati, ndipo anamwalira pobereka, khanda lomwe n'kutsatira. Miyendo yawo itauma, ine ndinali ku chitengwa, m'kanyumba kamodzi ndi ana asanu, agogo anu aamuna ali kutheba, kumigodi ya ku Joni. Amishoni atabwera ndi machila, tonse tinati Mulungu wayankha.

Ndipo musaganize kuti kunali nkhanza, ayi. Lero mumamva za nyumba zoterezi m'tauni, za mageti ndi alonda, koma ija inali yosesedwa mpaka pansi pa bedi, mabulangeti ankayanikidwa pa dzuwa, phala linali la mkaka, ndipo anamwino ake, mtsikana wochokera kutali kumpoto, anali ndi manja ofewa ngati thonje. Anali ndi lamulo limodzi losasweka: nkhalamba isadye popanda munthu woiyang'ana. Akuti kale gogo wina anatsamwa ndi chinangwa ali yekha, anthu n'kumupeza atazizira. Lamulo labwino, eti? Inenso ndikanaliika.

Mwezi utatha, mayi wina wogulitsa manachesi anandipeza kudimba.

"Kodi mwamva? Amayi anu aja akutha. Sakudya. Akuti mutu wazungulira."

Ndinabereka mwana, n'kuyamba kukwera phiri. Tirigu anali atacha mbali zonse, akuweyuka ndi mphepo, ndipo kutali ndinkamva amayi akuyeserera nyimbo za msonkhano, mawu akubwera n'kumapitanso, moti ndinkayenda ngati munthu wa m'maloto, mapazi osamva miyala.

Ndinawapeza atakhala pa bedi, atachepa ngati mwana, mikono ngati bango. Anandidziwa, anafunsa ana onse ndi maina awo, anafunsanso ngati mbuzi yathu yamawanga inaswa. Ndinati mumtima, mutu wozungulira sufunsa mbuzi.

"Amayi, bwanji simukudya?"

"Ndakhuta, mwanawe."

Anamwino anandikokera pakhonde, misozi ili m'maso. Anati phala likangolowa, gogoyu amakoka nsalu, n'kufunda kumutu, n'kutembenukira kukhoma. Ayesa kuwanyengerera, ayesa kuchotsa nsaluyo, ayesa supuni, koma mano amalumana gwa. Madzi okha ndiwo amamwa, akapatsidwa ndi anamwinowo. Anati akuganiza zowatumiza kuchipatala chachikulu, kumene akawaike paipi m'mphuno.

Tili pomwepo belu linalira, ndipo panatulukira bambo wa imvi zapatalipatali atanyamula thireyi ya mbale, akuimba kanyimbo ka tchalitchi chapansipansi. Iyeyu ndiye ankagawa chakudya, n'kukhala pampando kuyang'anira aliyense mpaka mbale itayera. Asanafike n'komwe pakhomo, mayi aakulu anali atafunda kale. Ine ndinayang'ana mayendedwe aja, phewa limodzi lotsika, ndipo ndinamuzindikira.

Ana inu, ine sukulu ndinalekera pa mawu a a, e, i, koma m'mutu muno muli mbumba yonse. Ndimadziwa amene anabwereka khasu osabweza, amene sanafike pa maliro a yani, ndi mwambo uliwonse umene unatsala panjira.

Ndinamuitana, "Alamu! A Filimoni! Joni anakulavulani liti?"

Thireyi inatsala pang'ono kugwa. "Aa, alamu anga! Mwakalamba chonchi, ndani akukudyetsani?"

"Ndakalamba ine, inu mwasanduka mnyamata? Taimani kaye. Amene afundawa mukuwadziwa?"

"Gogo Maliya amenewa. Ovuta zedi. Nkhope yawo sindinaionepo."

"Nanga muja munkakhala pamudzi pathu, nkhope ya apongozi anu munaionapo?"

A Filimoni anayang'ana nsalu ija. Kenaka anaika thireyi pansi, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kunja, n'kukagwada kuseri kwa chitseko.

Mukuseka, chifukwa lero mkamwini amakhala pa sofa limodzi ndi apongozi, n'kumalandirana foni. Kale sizinali choncho. Mukakumana panjira, wina ankalowa patchire. Kudya pamaso pa mkamwini kunali ngati kuvula pabwalo. A Filimoni anakhala ndi Esinati pakhomo pa a Nachisale dzinja ndi chilimwe, koma apongozi awo ankawadziwa msana ndi zidendene basi. Ndipo Esinati atamwalira, iwo ndi chisoni anathawira kumigodi tisanamete, tisanawasudzule, kutanthauza kuwamasula kuti salinso mkamwini wathu. Kwa amishoni, mayi aakulu analembedwa dzina laubatizo, Maliya. Kwa mayi aakulu, amene anazindikira mawu aja tsiku loyamba, bamboyo anali mkamwini wawo ndithu, ndipo akanasankha manda kusiyana ndi kutsegula pakamwa iye akuyang'ana. Kunena sakanatha, poti ngakhale dzina lake linali lolemera pa lilime lawo.

Anamwino atamva, anagwira pakamwa. Anati, "Ndiye ndizikhala nawo ndine." Koma anali yekha pa nkhalamba zonse zija, mabala, mankhwala, kusambitsa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ndinati ayi, chinatsala panjira tichitole.

Ankhoswe onse anali atapita kumanda, wotsala ndinali ine. M'mawa mwake ndinabwera ndi nkhuku ndi kalichero ka ufa. Tinayala mphasa pakhonde, dzuwa likungoboola chifunga, nkhalamba zina zikusuzumira m'mawindo. Mayi aakulu tinawanyamula ali chifundire. Ndinayankhula mawu amene anayenera kuyankhulidwa kalekale: kuti mwana wathu munamusunga bwino, imfa sinali yanu, pitani ndinu mfulu, pakhomo pathu mukabwera mudzabwera ngati mwana. A Filimoni anaomba m'manja, akulira ngati maliro ndi a dzulo.

Kutsidya njiwa zinkalira. Ndiye nsalu ija inayamba kutsika pang'onopang'ono, mphumi, maso, mphuno. Mayi aakulu anawayang'ana a Filimoni nthawi yaitali.

"Kodi nkhope yanu ndi yotere? Esinati ankanena kuti ndinu okongola. Anandinamiza."

Tinaseka mpaka mwana kumsana anadzuka. A Filimoni anapukuta misozi, n'kutenga mbale. "Amayi, phala lazizira."

"Bweretsani momwemo. Ndipo muziyang'ana kumbali pang'ono, sindinazolowere."

Anadya. Anaona tirigu wina akucha, ndi winanso, ndipo tsiku lawo litafika, amene anawatseka maso ndi a Filimoni.

Ndiye ana inu, ine miyendo yayamba kundikana, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukadzalephera kundisunga, sindidzakwiya, dziko lasintha. Koma mukadzandipereka m'manja mwa alendo, musadzangosiya thupi ndi chikwama cha zovala n'kuthamangira minibasi. Mudzakhale pansi, mudzawauze kuti mayiyu amachita manyazi ndi chiyani, amaseka ndi yani, ndipo akatembenukira kukhoma, asadzathamangire kunena kuti mutu wazungulira. Adzayambe afunsa amene walowa pakhomo.