Telala Wodikira Basi Yosakwera

M'mawa uja basi ya ku Dedza, yonyamula mwana wanga Bernadetta, inachedwa ngati ikukokedwa ndi ng'ombe. Pambali panga pa depoti, mayi wogulitsa nthochi anayamba kufunsa bambo wina wovala tayi, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Bambo, tsiku lililonse mumadikira basi, koma simukwera."

"Ndikupita ku ntchito, mayi. Ndine telala. Kale ndinkasoka pakhonde la sitolo ya a Karim, pano makina ndinasamutsira kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti?"

"Apo, kuseri kwa msika. Koma pakhomo munthu sasoka. Uyu odi, uyu wadzacheza, ana akuti tigwirireni nkhuku. Ndiye ndimatsanzika m'mawa, basi ikafika ndimabwerera n'kugogoda ngati wantchito. Akazi anga ndiwo abwana. Aliyense wondifuna amamuuza kuti sindinaweruke."

"Nanga lero, basi yachedwa chonchi?"

"Ndiye vutolo. Diresi la ukwati likufunika mawa, manja sindinalumikize. Abwana anati ndikachedwanso andichotsa ntchito."

"Ndiye thamangani, bambo!"

"Ndikafike basi isanabwere? Aa, mayi! Akangondizindikira kuti ndine mwamuna wawo, andipatsa nkhwangwa ndikawaze nkhuni."