Dzanja la Kapitawo

Dzuwa lili paliwombo, mayi wina wonyamula chigubu cha madzi anabisala pamthunzi wa pasiteji ya basi. Maso ake anagwera pa bambo wa ovolosi amene anali atafunda thaulo lonyowa kumutu.

"Achimwene, kuweruka masana ano? Kapena akuchotsani ntchito?"

"Ayi, mayi. Ife okhoma malata timatsika padenga dzanja la kapitawo likagonja."

"Dzanja?"

"Eya. Mwezi watha mnzathu anakomoka padenga, tinachita kumugwira lamba kuti asagwe. Kapitawo n'kumati ndi ulesi. M'mawa mwake, dzuwa litakwiya, tinamuitana kuti akwere adzaone lata lokhota. Munthu wamimba yake, kufika pamwamba ali wefuwefu, basi n'kukhala kuti apume."

"Palata? Mayo ine!"

"Anadzambatuka ngati wakhalira mavu! Kuyambira pamenepo amaika dzanja palata n'kuwerenga mpaka teni. Akalephera, tonse timatsika, pamthunzi, madzi m'manja. Timakweranso dzuwa likapendeka."

"Lero wafika pati?"

"Pa fili basi. Komatu amawerenga mothamanga."

Mayiyo anaseka mpaka misozi, kenako anayang'ana chigubu chake.

"Madziwa ndikukapatsa bambo akunyumba. Amathira phula pamsewu. Dzulo anabwera mutu ukuwawa, kuyankhula komwe osatha. Kapitawo wawo satuluka m'galimoto, akuti kunja sikukutentha."

"Auzeni amuitane adzaone phula lokhota."

"Phula limakhota, achimwene?"

"Likhote, lisakhote, mayi. Bola atsike, aime pomwepo mpaka teni."